Ntchito ya Pakati pa Usiku: Mbiri ya Luso Losamutsa Deta

Lachisanu pa 20 April 2018, nthawi ya 4 koloko madzulo, banki ya TSB ya ku Britain inatseka ntchito zake za pa intaneti. Inali italonjeza makasitomala kuti pofika Lamulungu 6 koloko madzulo zonse zidzakhala zitabwerera m'chimake. M'masiku awiri amenewo, akatswiri anayenera kunyamula mbiri ya makasitomala 5.2 miliyoni, zolembedwa pafupifupi 1.3 biliyoni, kuzichotsa m'makompyuta a banki ya Lloyds, komwe TSB inkachita lendi chisiyanirane mabanki awiriwa mu 2013, n'kuzilowetsa m'makina atsopano otchedwa Proteo4UK. Makinawo anawakonza ndi a kampani ya Sabis, nthambi ya banki ya Sabadell ya ku Spain, yomwe inagula TSB mu 2015.

Atatsegula Lamulungu madzulo, zinthu zinavuta nthawi yomweyo. Anthu okwana 1.9 miliyoni analephera kulowa m'maakaunti awo. Ena analowa, koma anapeza akuona ndalama ndi mayina a anthu ena. Mafoni a bankiyo ankangoitana osayankhidwa, ndipo akuba anapezerapo mpata wonamiza anthu amene anali atasokonezeka kale. Mkulu wa bankiyo, Paul Pester, anatula pansi udindo mu September chaka chomwecho. TSB inawononga mapaundi 330 miliyoni pa chisokonezochi, ndipo mu December 2022 mabungwe oyang'anira mabanki ku Britain anailipitsa chindapusa cha mapaundi 48.65 miliyoni. Mabungwewo ananena mfundo imene ambiri saidziwa: deta yeniyeniyo inafika bwinobwino. Chimene chinagwa ndi nyumba imene inafikiramo. Lipoti la maloya a Slaughter and May la mu 2019 linapeza kuti pa malo awiri osungira makompyuta a bankiyo, mayeso ena ofunika anachitikira pa amodzi okha.

Anthu ogwira ntchito imeneyi samveka dzina zinthu zikayenda bwino. Komabe luso lawo ndi lakale kuposa intaneti, ndipo lili ndi mbiri yake.

Database iliyonse ili ndi dongosolo la kaikidwe ka zinthu, limene akatswiri amalitcha schema. Limanena kuti pali matebulo angati, tebulo lililonse lili ndi makolamu ati, ndiponso kuti m'kolamu iliyonse muzilowa chiyani: mawu, tsiku kapena nambala yaikulu mpaka pati. Amene amalemba schema amalemba mogwirizana ndi mmene akulionera dziko tsiku limenelo. Kenako dziko limasuntha. Kasitomala amene anali ndi foni imodzi amakhala nazo zitatu, boma limabweretsa msonkho watsopano, sitolo imayamba kugulitsa kunja. Pulogalamu ukhoza kuitaya n'kulemba ina. Deta ya zaka khumi sungaitaye, chifukwa muli ngongole za anthu, malipiro awo ndi mbiri ya matenda awo. Iyenera kusamuka, ndipo iyenera kufika yonse.

Vutoli linayamba pa khadi la pepala. Herman Hollerith anakonza makina owerengera makadi obooledwa amene anagwira ntchito pa kalembera wa ku United States mu 1890, ndipo kampani yake inadzakhala mbali ya IBM. Mu 1928 IBM inatulutsa khadi la makolamu 80, kolamu iliyonse chilembo chimodzi kapena nambala imodzi. Pa khadi lotere schema inali chinthu chooneka ndi maso: makolamu akuti ndi a dzina, akuti ndi a malipiro, akuti ndi a chaka. Malo anali ochepa kwambiri moti kulemba 19 kutsogolo kwa chaka chilichonse kunkaoneka kuwononga. Chaka cha 1962 chinkangolembedwa 62. Matepi atabwera, chizolowezicho chinasamukira pa tepi. Pofuna kusintha kaikidwe, ankalemba pulogalamu yowerenga tepi yakale kuchokera koyamba mpaka kumapeto, n'kumalemba yatsopano pambali. Yakaleyo sankaifufuta msanga. Ankasunga mibadwo itatu ya matepi, imene ankaitcha agogo, bambo ndi mwana, kuti mwana akalakwika akhoze kubwerera kwa bambo. Nzeru imeneyi, yosagwetsa chakale chatsopano chisanayesedwe, ndi imene luso lonseli lakhala likuiiwala n'kuitulukiranso.

Bob Bemer, mmodzi wa anthu amene anakonza ASCII, mndandanda wa zilembo za pa kompyuta, anaona kuopsa kwa chaka cha manambala awiri kalekale mu 1958, pogwira ntchito yokhudza mibadwo ya makolo, momwe zaka za m'ma 1800 ndi za m'ma 1900 zinkasakanikirana. Anachenjeza kwa zaka zambiri koma ochepa anamumvera. Pamene 2000 inkayandikira, dziko linalowa m'ntchito yosintha deta yaikulu kuposa ina iliyonse m'mbuyomo. Boma la United States linawerengera kuti dzikolo lokha linawononga ndalama pafupifupi madola 100 biliyoni. Njira zinalipo ziwiri. Yoyamba inali kukuza malo a chaka kuti azikwana manambala anayi, kutanthauza kulembanso fayilo iliyonse ndi pulogalamu iliyonse yoiwerenga. Yachiwiri inali yotchipa: kusiya deta mmene ilili n'kuuza pulogalamu kuti, mwachitsanzo, 00 mpaka 19 ndi zaka za m'ma 2000, pomwe 20 mpaka 99 ndi za m'ma 1900. Ambiri anasankha yachiwiri poganiza kuti makinawo adzakhala atapuma kale tsikulo lisanafike. Ena sanapume, ndipo anasokonekera pa 1 January 2020.

Munthu amene anayesa kale kuzula vuto la kusintha kaikidwe ka deta ndi mizu yomwe ndi Edgar Codd, katswiri wa masamu wobadwira ku England amene ankagwira ntchito ku IBM mumzinda wa San Jose. M'nthawi yake, ma database monga IMS, imene inakonzedwa pothandiza kusunga mndandanda wa zipangizo za chombo cha Apollo, ankafuna kuti pulogalamu izidziwa njira yeniyeni yofikira pa chinthu chilichonse. Ukasuntha chinthu chimodzi, mapulogalamu onse ankasochera. M'nkhani imene anasindikiza mu June 1970, Codd anati deta iziikidwa m'matebulo, pulogalamu izingonena chimene ikufuna, ndipo kopezeka chinthucho ikhale nkhawa ya database. Anzake a ku IBM, Donald Chamberlin ndi Raymond Boyce, anakonza chinenero chimene chinadzatchedwa SQL, ndipo mu 1979 kampani imene lero ndi Oracle inayamba kugulitsa database yochigwiritsa ntchito. Kuchokera pamenepo, kuwonjezera kolamu kunasanduka lamulo la mzere umodzi loyamba ndi mawu akuti ALTER TABLE.

Mzere umodzi polemba, koma pansi pake ntchito inali yomwe ija ya matepi. MySQL, imene Michael Widenius ndi David Axmark anatulutsa mu 1995 ndipo inadzanyamula mawebusaiti ambiri a nyengo imeneyo, ikalandira lamuloli inkamanga tebulo latsopano, kukopera mzere uliwonse, kenako n'kutaya lakale. Nthawi yonse yokoperayo palibe amene ankatha kulembamo kanthu. Tebulo laling'ono linkatha m'kamphindi. Lalikulu linkatenga maola, mwina masiku. Banki yakale inkatseka madzulo n'kupatsa akatswiri usiku wonse, koma webusaiti ilibe nthawi yoweruka: kukada ku London, ku California kumakhala kudakali masana. Motero kunabadwa mwambo wa pakati pa usiku. Gulu linkasankha ola limene alendo amachepa, kawirikawiri kumapeto a sabata, n'kuika chikwangwani pa webusaiti chopepesa kuti akukonza. Munthu mmodzi, woyang'anira database, ankalemba malamulowo ndi manja ake, ena onse atamuzungulira kapena akudikira pa foni. Zimene wasintha zinkakhala m'mutu mwake, m'maimelo kapena m'kafayilo ka pa kompyuta yake. Akachoka ntchito, kampani inkatsala ndi database imene palibe ankadziwa kuti inafika bwanji pamene ili.

Kusintha kwakukulu m'mbiri imeneyi sikunali kwa makina. Kunali kwa khalidwe. Mu 2003 Martin Fowler ndi Pramod Sadalage a kampani ya ThoughtWorks anafotokoza mmene ankagwirira ntchito: kusintha kulikonse kwa schema kukhale kwakung'ono, kulembedwe m'fayilo yake pamodzi ndi malangizo osamutsira deta yokhudzidwa, ndipo fayiloyo isungidwe limodzi ndi pulogalamu kuti aliyense aione. Mu 2006 Sadalage ndi Scott Ambler anatulutsa buku lonse la nkhaniyi, Refactoring Databases.

Amene anafikitsa khalidweli kwa anthu wamba olemba mawebusaiti ndi Ruby on Rails, chida chimene David Heinemeier Hansson wa ku Denmark anatulutsa mu 2004 kuchokera mu pulogalamu ya Basecamp. Mu 2005 Rails inabweretsa zimene inazitcha migrations. Fayilo iliyonse inali ndi nambala, 001, 002, 003, ndipo inali ndi mbali ziwiri: yopita kutsogolo ndi yobwerera. Database yokha inkasunga nambala ya pamene yafika. Mnyamata wolowa kumene ntchito ankatha kulemba lamulo limodzi, kompyuta yake n'kudutsa m'mbiri yonse ya database kuchokera tsiku loyamba. Panabuka kavuto kosonyeza kuti ntchitoyi inali itakhaladi ya gulu: anthu awiri ankatha kulemba fayilo ya nambala yofanana tsiku limodzi. Mu 2008, Rails 2.1 inasiya kuwerenga motsatana n'kuyamba kutcha mafayilo ndi tsiku, ola ndi sekondi imene alembedwa. Rails inavomerezanso chinthu chimene aliyense wa ntchitoyi ayenera kuchidziwa msanga, chakuti pali kusintha kwina kosabwezeka. Ukafufuta kolamu, mbali yobwerera ikhoza kumanganso kolamuyo, koma zimene zinali m'katimo zapita. Pa zotere inakonza chenjezo lapadera lotchedwa IrreversibleMigration.

Ena anatsatira. Liquibase inayamba mu 2006, Flyway mu 2010. Kwa ogwiritsa ntchito Django, chida china cholembera mawebusaiti, Andrew Godwin wa ku Britain analemba chida chotchedwa South mu 2008, ndipo mu 2013 anapempha anthu pa Kickstarter mapaundi 2,500 kuti apeze nthawi yolowetsa lusoli mu Django mwenimweni. Anasonkha pafupifupi mapaundi 18,000, ndipo ntchitoyo inatuluka mu Django 1.7 mu September 2014. Anthu sasonkhera chinthu chimene sichinawasowetsepo tulo.

Mafayilo a nambala anathetsa vuto la kuiwala, koma tebulo linkatsekekabe. Makampani aakulu anafika poti sangaimitse ntchito ngakhale ola limodzi. Mu 2009 Shlomi Noach anatulutsa chida chosinthira tebulo la MySQL anthu akuligwiritsabe ntchito. Facebook inatulutsa chake mu 2010, ndipo kampani ya Percona inatsatira ndi pt-online-schema-change. Nzeru yake ikufanana ndi kumanga nkhokwe yatsopano pambali pa yakale, n'kumasamutsa chimanga dengu limodzilimodzi, pamene a m'nyumba akutapabe ndi kuthiramo m'yakaleyo tsiku ndi tsiku. Chovuta si kunyamula madenguwo ayi, koma kuonetsetsa kuti chilichonse chimene chathiridwa kapena kutapidwa ntchito ili m'kati chalembedwa mbali zonse ziwiri. Zida zoyambazo zinkadalira ma trigger, timalamulo tokhala m'database momwemo tokopera kusintha kulikonse, koma timeneti tinkalemetsa makina pa nthawi imene ali otanganidwa kale. Mu 2016, Noach ndi anzake ku GitHub anatulutsa gh-ost, imene inasiya ma trigger n'kumawerenga kaundula amene MySQL imalemba yokha wa zonse zosinthidwa. Chida chimenechi ukhoza kuchiimitsa makina akalemedwa, kuchiyesa kaye pa kompyuta ina yosunga kope, ndiponso kuchiuza kuti chikamaliza kukopera chidikire, chisasinthanitse matebulo mpaka munthu atavomereza. Mfundo yomalizayi ndi yaing'ono pa pepala, koma inasintha moyo wa anthu. Mphindi yoopsa kwambiri ya ntchito yonse inachoka pa 3 koloko m'bandakucha n'kufika masana, gulu lonse lili maso pa desiki.

Kampani ya Stripe, yoyendetsa malipiro a pa intaneti, inafotokoza mu 2017 mmene inasamutsira mbiri ya malipiro obwerezabwereza okwana mamiliyoni mazanamazana popanda kutseka. Masamu ake okha ndi oopsa: zinthu 100 miliyoni, ukamasamutsa chimodzi pa sekondi, ntchito imapitirira zaka zitatu. Iwo anayamba ndi kulemba chilichonse chatsopano m'malo awiri, kwakale ndi kwatsopano, uku akukopera zakale pang'onopang'ono. Kenako anayamba kuwerenga mbali zonse ziwiri n'kumayerekezera mayankho, pogwiritsa ntchito chida cha GitHub chotchedwa Scientist, kuti kusiyana kulikonse kuonekere kasitomala asanakuone. Atakhutira m'pamene anasiya kulemba kwakale, ndipo kufufuta kunabwera pamapeto penipeni. Njirayi ndi yochedwa komanso yotopetsa, ndipo pa sitepe iliyonse kupatula yomaliza munthu akhoza kubwerera. Poyerekeza ndi kusamutsa zonse m'masiku awiri monga inachitira TSB, kuchedwa kumeneku n'kotchipa.

Pali mbali ina imene chida chilichonse chimalephera, ndipo ndi imene imadya nthawi yambiri ya osamutsa deta. Makina amadziwa kukopera, koma sadziwa tanthauzo. Tebulo lakale likhoza kukhala ndi kolamu imodzi ya dzina, latsopano n'kufuna ziwiri, dzina loyamba ndi la bambo. Pulogalamu yodula dzina pa mpata woyamba imayenda bwino mpaka itakumana ndi munthu wa mayina anayi, wa dzina limodzi lokha, kapena wa ku China amene dzina la banja limayamba. M'kolamu ya tsiku lobadwa mumapezeka anthu ambirimbiri obadwa pa 1 January, chifukwa kalaliki ankalemba tsikulo munthu akangodziwa chaka chokha. Ziro pa malo a ndalama angatanthauze kuti munthu alibe ngongole, kapenanso kuti palibe anafunsa. Kolamu ya ndemanga imakhala itasanduka posungira nambala za foni chifukwa kunalibe pena poziika. Chilichonse mwa izi chinali chisankho cha munthu wina amene anachoka kalekale, ndipo wosamutsa wabwino amayamba wafufuza kwa akalaliki akale asanalembe mzere ndi umodzi womwe.

Nthawi zina tanthauzo limasinthidwa ndi boma usiku umodzi. Pa 1 January 2013, Zambia inachotsa maziro atatu pa kwacha yake: makwacha 1,000 akale anakhala kwacha imodzi, chizindikiro cha ndalamayo chinachoka pa ZMK kupita pa ZMW, ndipo ngwee inayambanso kugwira ntchito. Nambala 50,000 yolembedwa mu December ndi nambala yomweyo yolembedwa mu January zinali ndalama ziwiri zosiyana kutalitali. Aliyense wosunga mabuku pa kompyuta anayenera kusankha pakati pa kugawa mbiri yonse yakale ndi 1,000, kapena kuisiya n'kuika chizindikiro pa mzere uliwonse chonena kuti ndi kwacha iti. Mozambique inadutsa momwemo ndi metical mu 2006.

Ngakhale zilembo zenizenizo zinafunika kusamutsidwa. Kwa zaka zambiri MySQL, ukapanda kuiuza zina, inkasunga mawu mu latin1, mndandanda wa zilembo wokonzera zinenero za kumadzulo kwa Ulaya. Chilembo cha ŵ, chimene chili m'dzina lakuti Malaŵi komanso m'chinenero cha ku Wales, mulibemo. Chinkasanduka chizindikiro cha funso, kapena chinkatuluka ngati Åµ pamene mawu olembedwa mu UTF-8, mndandanda wina wa zilembo umene muli ŵ, awerengedwa ngati latin1. Chachiwirichi chimakonzeka, chifukwa zonse zimakhala zilipo koma zawerengedwa molakwika. Choyambacho sichikonzeka, chifukwa chilembo chatayika. Osamutsa ambiri anaonjezera vutolo potembenuza kawiri mawu otembenuzidwa kale. Komanso UTF-8 yoyamba ya MySQL inali yoperewera, moti mu 2010 anatulutsa ina yokwanira yotchedwa utf8mb4. WordPress inasamutsira matebulo ake kumeneko mu April 2015, pa mawebusaiti mamiliyoni ambiri amene eni ake sanadziwe n'komwe kuti chinachake chachitika pansi. Chimene anthu anaona n'chakuti ma emoji ayamba kugwira ntchito. MySQL yokha inadzaika utf8mb4 kukhala yoyambira mu 2018.

Chaka chomwecho, mbali ina ya lonjezo la Codd inakwaniritsidwa patatha zaka 48. MySQL 8.0.12, mothandizidwa ndi akatswiri a Tencent a ku China, inayamba kuwonjezera kolamu pompopompo osakopera tebulo, ndipo database ina, PostgreSQL 11, inachita chimodzimodzi pa kolamu yatsopano yodzazidwa ndi chinthu chofanana m'mizere yonse. Koma kukuza kolamu ya nambala kunatsalabe ntchito yolemetsa, ndipo pa 8 November 2018 kunagwira anthu amene ankaidziwa bwino nkhaniyi kuposa ambiri. Basecamp, kumene Rails inabadwira, inakhala pafupifupi maola asanu anthu akungowerenga osatha kulemba kanthu. Tebulo lina lotanganidwa linali litafika pa mzere wa nambala 2,147,483,647, malire a nambala yosungidwa m'mabiti 32, ndipo panalibenso nambala yopatsa mzere wotsatira. Rails inali itasintha kale mu 2017 kuti matebulo atsopano azigwiritsa ntchito mabiti 64, koma kusinthako sikunakhudze matebulo omangidwa kale. Kampaniyo inafotokoza poyera zimene zinachitika n'kupepesa, ndipo kuchita zimenezi kunathandiza magulu ena ambiri kupita kukayang'ana matebulo awo.

Malire omwewo akudikira pena. Makompyuta ambiri amawerenga nthawi ngati masekondi odutsa kuchokera pa 1 January 1970, ndipo pamene nambalayo yasungidwa m'mabiti 32, idzadzaza pa 19 January 2038, nthawi ya 03:14:07 pa wotchi ya UTC. Kolamu ya mtundu wa TIMESTAMP mu MySQL imathera pa sekondi imeneyo. Ngongole ya nyumba ya zaka 20 yotengedwa lero, penshoni ya mphunzitsi wachinyamata, kapena chiphaso cha malo, zonsezi zili ndi masiku opitirira pamenepo, choncho magulu ena ayamba kale kusamutsira makolamu otere ku mtundu wa DATETIME, umene umafika chaka cha 9999.